Mmisiri Amene Anasasula Denga Lake

Mwezi wathawu tinapita ku Msakambewa kukamanga chiliza pamanda a apongozi anga aamuna, a Gervazio Mwale. Papita zaka zambiri chimwalirireni, ndipo nthawi yonseyi munthu amene anamangira anthu a ku Dowa ndi ku Ntchisi nyumba zosawerengeka anagona pansi pa mulu wa dothi ndi mtanda wamatabwa umene chiswe chinadya kalekale. Adzukulu awo ndiwo anasonkha ndalama n'kulemba mmisiri wina wa masiku ano. Anamanga mothamanga, foni ili kukhutu, ndipo atamaliza aliyense anaona kuti mbali ya kumutu yapendekera kumanzere. Anthu anachita ngati sakuona. Ine ndinaseka mpaka ana anga anachita manyazi, chifukwa ndinadziwa kuti eni mandawo akanati adzuke, akanagumula chilizacho ndi phazi n'kumutuma mmisiriyo kukaponda matope. Kuseka kuja sikunathe bwino. Ndinazungulira kuseri kwa mtengo n'kukalira, ndipo chimene ndinkalirira si imfa yawo ayi, koma nyumba yawo ya pa Chankhwali.

Anthu ambiri sankadziwa n'komwe kuti dzina lawo ndi Gervazio. Ankawatchula a Levulo, chifukwa cha kathabwa kaja ka omanga, kokhala ndi kabotolo ka madzi pakati, koonera ngati khoma lawongoka. Kawo kanali kakafupi, ndipo kankakhala m'thumba la jekete kulikonse kumene apita, kutchalitchi, kuukwati, ngakhale kumaliro. Akafika pakhomo pa munthu, moni asanathe n'komwe, maso anali kale pakhoma. Tsiku lina pamaliro anauza mayi wamasiye kuti pepani kawiri, koyamba chifukwa cha mwamuna, kachiwiri chifukwa khoma la kuchipinda silifika Khirisimasi. Anthu anawanena kuti alibe umunthu. Khomalo linagwa mu Novembala, ndipo iwo anapita kukalimanganso osalandira kanthu, akung'ung'udza kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Ankakonda kunena kuti munthu akhoza kukunamiza ndi pakamwa, koma nyumba yake imamuulula. Ankatinso mmisiri waulesi amabisa manyazi ake ndi pulasitala. Anakanganapo ndi ansembe a kumishoni chifukwa cha khomo la tchalitchi limene anamanga anthu ena, amati ndi lokhota, ndipo kwa chaka chathunthu ankamvera Misa ali panja, pansi pa zenera, chipewa chili m'manja. Ansembe atatopa anawalola kuti aligumule n'kumanganso. Anali ovuta, ndisaname. Koma sindinaonepo munthu wina amene ntchito yake inkamupweteka mumtima ngati iwo.

Ine ndinalowa m'banjamo pa chitengwa. Mwamuna wanga Lusiano, mwana wawo woyamba, ankagwira ntchito ku Lilongwe nthawi imene mzinda watsopano unkamangidwa, ndipo anandisiya kwa makolo ake. Amene anakula nthawi imeneyo akudziwa mmene mkazi ankakhalira ndi apongozi ake aamuna. Sindinkadya nawo, sindinkawayang'ana kumaso, ndipo ndikafuna kunena kanthu ndinkagwada chapatali kapena kudzera kwa amayi, a Nachisale. Iwonso madandaulo awo ankadzera komweko. Ndinkamva ndili kukhitchini akuuza akazi awo mokweza, kuti ndimve bwino, kuti pali munthu wina m'nyumba muno amene akuika mbaula pa simenti, ndipo munthuyo akapitiriza adzaona. Ndinkawaopa, ndinkawaseka kumbali, ndipo ndinkawakonda, ngakhale zimenezi ndinazizindikira mochedwa.

Kuti mumvetse chimene nyumba ija inali kwa iwo, muyenera kudziwa kuti a Mwale anakhala mkamwini ku Msakambewa zaka zoposa makumi awiri. Kwawo kwenikweni kunali kutali, ndipo abale awo anali atatha. Kumudzi kwa akazi awo anamangako nyumba ya njerwa zootcha, yoyamba m'mudzi monsemo. Ndiye tsiku lina anakangana ndi alamu awo, a Yohane, mchimwene wa a Nachisale, pa nkhani ya malire a dimba. Mkanganowo unali waung'ono, woti akanatha kuumaliza ndi chipanda cha mowa. Koma a Yohane, pamaso pa anthu, anawauza kuti mkamwini ndi mlendo, ndipo ngati atopa nawo mudziwo asenze nyumba yawoyo pamutu azipita, koma dothi alisiye poti ndi la eni. M'mawa mwake a Mwale anamanga zida zawo panjinga n'kulumbira kuti m'mudzi umenewo sadzagonamonso ali moyo.

Anakapeza puloti pa Chankhwali, kamsika ka m'mbali mwa msewu wopita ku Malomo, kamene nthawi imeneyo kanali ndi sitolo imodzi, chigayo ndi telala. Pamenepo palibe amene akanawatchula mlendo, chifukwa aliyense anali wobwera. Anamanga zaka zisanu ndi chimodzi, akapeza kandalama n'kuwonjezerapo, njerwa iliyonse youmba okha. Maziko anakumba ofika m'chiuno n'kudzazamo miyala yotuta kuphiri. Zipinda zinali zinayi, pansi simenti yofiira, mawindo agalasi, siling'i, malata, ndi khonde la masitepe atatu. A Nachisale anawatsatira patapita chaka, akudandaula kuti asiya munda wa amayi awo chifukwa cha munthu wouma mutu. Ankakangana tsiku ndi tsiku, koma m'mawa uliwonse mayiwo ankapukuta simenti ija mpaka kuwala, ndipo alendo akabwera ndiwo ankayamba kuwaonetsa siling'i.

Chankhwali anakula. Kunabwera masitolo ena, positi ndi malo ogulirako mbewu. Chaka china, pa msonkhano wa chipani umene aliyense ankayenera kupitako, analengeza kuti malowo tsopano akuwerengedwa ngati tawuni, ndipo kudzabwera munthu wodzayesa nyumba zonse za pamapuloti kuti eni ake azilipira msonkho molingana ndi mtengo wa nyumbayo. Tonse tinaomba m'manja monga mwa nthawi zonse, koma pobwerera aliyense ankaganiza za nyumba yake. A Mwale kunalibe. Anali atatha milungu itatu kumapiri a ku Ntchisi, kumene ankamanga nyumba ya aphunzitsi.

Anthu sanachedwe kuchenjera. A Kabango, telala amene tinayandikana naye, anamata matope pamwamba pa pulasitala, anachotsa magalasi n'kutsekapo ziguduli, ndipo mbuzi zawo anazilowetsa pabalaza kuti zigonemo masiku atatu. Ena anayala udzu pamwamba pa malata. Ine ndinapita kwa amayi n'kunena kuti nafenso tichitepo kanthu, ngakhale kungobisa simentiyo ndi dothi. Anandiyang'ana ngati ndapenga. Anati kukhudza nyumba ya a Mwale eni ake kulibe ndiko kuthetsa ukwati, ndipo tidikire abwere, adzawauza okha asanavule n'komwe nsapato.

Tsoka lake, a Mwale anabwera limodzi ndi woyesa nyumbayo. Anakumana pamsewu, wina akukankha njinga, wina atanyamula chikwama ndi tepi, ndipo pofika pakhomo anali atayamba kale kucheza ngati anthu odziwana. Mlendoyo anali bambo wofatsa, wovala tayi ngakhale kunali kotentha. Sanabise kanthu, ananena kuti watumidwa kudzalemba mtengo wa nyumba iliyonse. Koma a Mwale atamva kuti boma latuma munthu wophunzira kudzaona mmene nyumba zamangidwira, nkhope yawo inawala ngati tsiku la ukwati. Za chimene chidzatsatire pambuyo pake sanafunse. Analamula kuti tambala aphedwe.

Ndinaona zonse ndili pakhomo la kukhitchini. Anamulowetsa chipinda chilichonse. Anamugogodetsa makoma kuti amve kulimba. Anatulutsa levulo n'kuyika pawindo, pakhomo, pa masitepe, mlendo akuwerama kuyang'ana kadontho ka m'kabotolo kaja kali pakatikati. Ndipo bamboyo, Mulungu amudalitse kumene ali, anayesetsa kuwathandiza. Ndinamumva ndi makutu angawa akunena chapansipansi kuti siling'iyo angoisiya osailemba, ndipo kachipinda ka kumapeto akayese kosungiramo katundu.

A Mwale anaima chilili. "Bwanji osailemba? Mwaona cholakwika?"

"Ayi bambo, palibe cholakwika. Kungoti zinthu zikachuluka papepala..."

"Lembani zonse. Ndipo maziko simunawaone."

Anatenga khasu n'kukumba m'mbali mwa khoma, jekete lili pathupi, mpaka miyala ya pansi inaonekera. Mlendo anayang'ana dzenjelo, anayang'ana nkhalambayo, n'kulemba.

Nthawi yonseyi ine ndinkadziwa. Ndinanong'oneza amayi kuti awaitanire kuseri, koma iwo anandigwira mkono n'kunena kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, akapita tiwauza. Mwamuna samudula mawu pamaso pa mlendo. Kenaka ndinapita ndi madzi osamba m'manja. Ndinagwada pakhonde, beseni lili m'manja, apongozi ali pafupi kwambiri moti ndikanangonena mawu asanu okha akanamva. Ndinali ndisanawayankhulepo mwachindunji chilowereni m'banjamo, ndiye ndikanayamba bwanji tsiku limenelo, mlendo wa tayi ali pomwepo? Ndinathira madzi, ndinadzuka, ndinabwerera kukhitchini. Ndakhala ndikubwerera pakhonde limenelo m'maganizo kwa moyo wanga wonse.

Mlendo atapita amayi anawauza. A Mwale anangoseka. Anati mutu ukakula sulewa nkhonya, ndipo ngati boma likufuna kakhobidi chifukwa cha nyumba yabwino, alipira, kusiyana n'kugona ndi mbuzi pabalaza ngati a Kabango.

Titakolola, mndandanda unamatidwa pamsika. Nyumba ya a Mwale inali pamwamba penipeni, kuposa ngakhale sitolo yaikulu. Ya a Kabango inali kumunsi, pamodzi ndi timisasa. Apongozi anatha tsiku lonse ataima pafupi ndi pepalalo, aliyense wodutsa akumulozera dzina lawo. Madzulo anapita dala kukasoketsa batani kwa a Kabango kuti akawaseke. Chisangalalo chimenecho chinatha mlungu umodzi, chifukwa kenaka kunabwera kalata yonena ndalama zake. Ine ndinkawawerengera makalata, poti amayi sankadziwa kuwerenga ndipo maso a bambo anali atayamba kuchita ng'ala. Ndinawerenga ndili kuseri kwa chitseko. Inali ndalama yoposa imene tinapeza pa fodya yense wa chaka chimenecho.

Analipira. Anagulitsa mbuzi zonse ndi njinga, n'kubwera ndi lisiti ali mwachimuna, akuti nkhani yatha. Iwo ankaganiza kuti ndi za kamodzi, ngati kugula puloti. Chaka chotsatira kalata inabweranso, ndalama itakwera. Ndipamene ndinawaona koyamba atakhala pansi masana, manja ali lende.

Kuyambira pamenepo zinthu zinangotsetsereka. Maso anafika poipa, ndipo anthu amene kale ankawapempha mogwada kuti akawamangire anayamba kulemba ena. Fodya sanachite bwino. Lusiano ankatumiza zimene akanatha, koma nayenso ku Lilongwe eni nyumba anali atamukwezera lendi, akuti nyumba za mumzinda aziyesanso ndipo msonkho wakwera. Atabwera pa tchuthi anati tigulitse nyumbayo. Ogula ankabwera, ankayamikira, akamva za msonkho n'kutsanzika. Ndiye Lusiano analakwitsa n'kunena kuti mwina ndi bwino kubwerera ku Msakambewa, poti kumudzi kulibe zoyesa nyumba. Bambo ake sanamuyankhule mpaka tsiku lobwerera, ndipo potsanzika anamupatsa msana.

A Mwale anayenda wapansi kupita ku ofesi ya msonkho kukadandaula, ulendo wa tsiku lathunthu, ndodo m'manja. Anawauza kuti nthawi yodandaula inali miyezi yoyambirira mndandanda utangomatidwa, ndipo inadutsa kalekale, nthawi imene iwo ankalozera anthu dzina lawo pamsika. Akuti anakweza mawu pang'ono. Patapita masiku awiri, apampando a chipani a m'dera lathu anabwera kudzacheza. Anakhala pakhonde, anamwa thobwa, anayamikira masitepe, kenaka n'kunena mofatsa kuti munthu wodandaula za msonkho ndiye kuti akudandaula za boma, ndipo anthu oterewa ena amapita kukafunsidwa osabwerako. Aliyense wa nthawi imeneyo ankadziwa kuti si nthabwala. A Mwale, amene anakangana ndi ansembe chaka chathunthu, anathokoza chifukwa cha malangizowo n'kuwaperekeza mpaka pamsewu.

Anasiya kudya bwino. Ankazungulira nyumba akusisita makoma ndi chikhatho, milomo ikugwedera, kaya ankapemphera kaya ankawerengera njerwa. Amayi anayamba kuphika mowa mobisa, chinthu chimene bambo ankadana nacho, ndipo iwo anachita ngati sakununkhiza. Ine ndinkagulitsa zitumbuwa pamsika. Zonsezi zinali ngati kuthira madzi m'dengu. Kalata yachitatu inanena kuti ngongole ikapanda kulipidwa, puloti idzalandidwa pamodzi ndi zonse zili pamenepo. Madzi anali atafika m'khosi.

Anapitanso ku ofesi, ulendo uno mwaulemu, chipewa m'manja, ndi funso limodzi lokha. Anafunsa ngati nyumba yosauka imalipira zochepa. Kalaliki anati inde, msonkho umatsata mtengo wa nyumba. Sanafunse china, ndipo kalalikiyo sanadziwe chimene chinali m'mutu mwawo.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'mawa tinamva makwerero akugunda khoma. Potuluka tinapeza nkhalamba yosaona bwino ili padenga ndi hamala, ikuzula misomali. Sanazule mwaukali. Msomali uliwonse ankaufufuza ndi zala, kuuzula, kuuwongola, n'kuuponya m'chitini. Amayi anafuula kamodzi kokha, kenaka anakakhala pansi pa mango n'kudzifunditsa chitenje kumutu ngati pamaliro. Anthu anasonkhana pamsewu, ndipo ngakhale ambiri anali atanyozedwapo ndi levulo ija, palibe amene anaseka. A Kabango anasiya makina awo, anabwera n'kugwira makwerero. Anagwira tsiku lonse, akulandira malata limodzilimodzi.

Malata, magalasi ndi matabwa a siling'i a Mwale anagulitsa, ndipo ndalama yake inakwanira ngongole ya m'mbuyo. Kenaka anatenga hamala yaikulu n'kuyamba kuphwanya simenti yofiira ija, imene amayi anaipukuta zaka zonsezo, imene ine ndinkatukwanidwira chifukwa cha mbaula. Inali yolimba moti inawatengera masiku anayi. Atamaliza anauza amayi kuti auze munthu wina wa m'nyumba muno akatape mtsiro adzazire. Ndinazira ndikulira, misozi ikugwera m'dothi momwemo. Pamwamba anafolera udzu. Madzulo ake anakhala pa masitepe n'kunena kuti tsopano akaitane bambo wa tayi uja adzaone, nyumba yasauka, alembe zoona.

Anayendanso ulendo uja kachitatu. Anabwera dzuwa likulowa, mapazi atatupa, ndipo sanalowe m'nyumba. Anakhala panja mpaka amayi anachita kuwakoka. Ku ofesi anawauza kuti oyesa nyumba sabwera chifukwa cha munthu mmodzi. Amabwera pa nthawi yake, dera lonse pamodzi, pakapita zaka, ndipo kufikira tsiku limenelo zimene zili m'buku ndi zomwezo.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho. Denga la malata limakhala logona, pamene la udzu limafuna kutsetsereka kwambiri kuti madzi athamange. A Mwale ankadziwa zimenezi kuposa munthu wina aliyense, koma analibe ndalama ya mitengo yatsopano, ndiye anangoyala udzu pa mitengo yakale. Madzi ankaima, udzu unaola, ndipo m'nyumba monse munali mabeseni ndi miphika. Kalata ya chaka chimenecho inatipeza choncho. Ndinaiwerenga madzi akundidonthera pamsana: nyumba ya njerwa, zipinda zinayi, ya malata, ya simenti, ya magalasi, ya siling'i. Ndalama inali yomwe ija. Anati ndiwerengenso, ndipo ndinawerenganso. Anamvetsera ngati munthu amene akumva za mwana wake amene anamwalira.

Njerwa zawo anazimanga ndi dothi, monga ankachitira onse nthawi imeneyo, ndipo madzi atayamba kulowa kuchokera pamwamba, khoma la kumbuyo linang'aluka. Tsiku lina amayi atapita kumunda, ndinawapeza ataika levulo pakhomalo, nkhope ili pafupi ndi kabotolo, akuyesetsa kuona. Sanathe. Kwa nthawi yoyamba chilowereni m'banjamo, anandiitana okha osadzera kwa munthu.

"Apongozi, tabwerani mundionere. Kadonthoka kali pati?"

Kanali katathawira kumapeto. Ndinati kali pakati.

"Musandinamize," anatero mofatsa. "Ndikumva ndi dzanja."

Puloti inapita chaka chomwecho. Panalibenso chogulitsa, panalibenso kopempha. Tinakweza mphasa, miphika ndi mipando iwiri pangolo ya ng'ombe imene a Kabango anatilipirira. Bambo anatuluka pomalizira. Anatulutsa levulo m'thumba, anaiyika pa sitepe ya pamwamba, n'kukwera ngolo. Ndinafuna kukaitenga koma amayi anandiletsa ndi maso. Njira yonse ya ku Msakambewa, zitunda zonse zija, sanatembenuke.

A Yohane anatilandira bwino, ndipo ndikuganiza kuti zimenezo ndizo zinapweteka koposa. Anali atakalamba nawonso, za dimba zija mwina anali ataiwala. Anati alamu afika, apatsidwe malo. Koma m'nyumba ya njerwa imene a Mwale anamanga kale munali mukukhala mdzukulu wa a Yohane ndi banja lake, ndiye iwo anapatsidwa kanyumba ka udzu kuseri kwake, kamene kale kanali khitchini. Munthu amene analumbira kuti sadzagonanso m'mudzimo anagona kuseri kwa nyumba yomanga yekha. Masana ankakhala pampando ataipatsa msana. Sanadzudzulenso khoma la munthu aliyense, ndipo ana a m'mudzimo anakula osadziwa chifukwa chake akuluakulu ankawatchula a Levulo.

Anakhala kumeneko mvula ziwiri. Atadwala matenda omaliza, ine ndinkawapatsa phala, poti amayi manja anali atayamba kunjenjemera. Zamwambo zija zinali zitatha zokha, munthu sungamuthawe ukumumwetsa. Tsiku lina masana, tili awiri, ndinalephera kupirira. Ndinawauza kuti tsiku lija la mlendo ine ndinkadziwa zonse, ndinagwada pafupi nawo ndi beseni, ndipo ndinakhala chete. Ndinati nyumba ija ndinagwetsa ndine, andikhululukire. Ndinkayembekeza kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe.

Anatembenuzira maso oyera aja kudenga.

"Mukanandiuza, ndikanamuonetsabe," anatero. "Ndamanga nyumba moyo wanga wonse, apongozi. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera ndi pepala kudzalemba ntchito yanga. Ndi yekha uja."

Kenaka anafunsa ngati phala latsala. Anamwalira patapita masiku asanu, mvula isanayambe. Mawu awo aja sanandimasule ayi. Mpaka lero sindidziwa ngati ankanena zoona kapena ankangofuna kunditula katundu, chifukwa munthu uja, ngakhale anali waukali, ankadziwa kumangira mnzake khoma osalandira kanthu.

Pobwerera kuchokera ku chiliza chopendekera chija, ndinauza ana kuti minibasi ikafika pa Chankhwali nditsika, ndiwatsatira pa ina. Malowo asintha moti ndinasochera kawiri. Pamene panali a Kabango pali sitolo ya mafoni. Koma puloti yathu ilipo, yopanda kanthu. Akuti amene anaitenga anamwalira asanamange, ana ake akukanganirana mpaka pano. Njerwa anthu anatuta kalekale, mango anadula. Mwatsala mizere ya maziko m'udzu, yooneka bwinobwino, zipinda zinayi, moti ndinatha kuima pamene panali chitseko chimene ndinkawerengera makalata. Mbuzi zinali kudya pabalaza.

Masitepe atatu aja alipo, osang'aluka, akukwera kupita pamene palibe khomo. Pa sitepe ya pamwamba mayi wina anayalapo tomato m'milumilu, iye atakhala pa ya pansi, mwana ali kumsana. Ndinamufunsa ngati akudziwa amene anamanga pamenepo. Anati sakudziwa, anapeza zili choncho. Ndinamufunsa chifukwa chake amagulitsira pano, kutali ndi anzake, pamene msika uli uko. Anaseka n'kunena kuti mabenchi a kumsika ndi opendekera, ukangotembenuka katundu ali m'fumbi.

"Koma pano, mayi," anatero akusisita sitepeyo ndi chikhatho, "tomato sagubuduka."

Ndinagula mulu umodzi, ndipo ndinakhala naye pamenepo mpaka minibasi inabwera.